Difu ya Liwiro: Kodi Imapulumutsadi Mafuta?

Pa dashibodi ya magalimoto ambiri pali mivi iwiri ikuluikulu. Wa liwiro aliyense amaudziwa, poti ndi umene umayambanitsa madalaivala ndi apolisi apamsewu. Winawo, wokhala ndi manambala oyambira 1 kulekezera 7 kapena 8, ambiri sauyang'ana n'komwe. Ntchito yake ndi kuwerenga maulendo amene injini ikuzungulira. Ukaloza pa 3, ndiye kuti injini ikuzungulira maulendo 3,000 pa mphindi imodzi.

Mafuta akangokwera mtengo, kapena akasowa mpaka magalimoto n'kumagona pamizere, muvi wachiwiriwu umapeza ouyang'ana. Mwini galimoto amaona kuti akamathamanga makilomita 100 pa ola muviwo ukumakhala pa 3,000 kapena kupitirira apo, injini ikubuula, magiya onse atatha. Akafika kugalaja amamuuza kuti mankhwala ake alipo: "Bwana, ingoikani difu ya liwiro, galimotoyi isiya kumwa." Amakaniko sakunama kwenikweni. Kungoti phindu limene lilipo ndi laling'ono kusiyana ndi mmene amalitamira, ndipo pa misewu ina limathera m'njira.

Kuchokera mu injini kufika pa tala

Injini imazungulira mofulumira kwambiri koma mphamvu yake yopotokola ndi yochepa. Matayala amafuna zosiyana ndi zimenezo: kuzungulira pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Chimene chimagwirizanitsa ziwirizi ndi magiya, mawilo achitsulo a mano olumana. Wilo laling'ono likamayendetsa lalikulu, liwiro limachepa, mphamvu n'kuchuluka. Amene anapalasapo njinga ya magiya amazidziwa zimenezi m'miyendo mwake. Pachitunda umaponya tcheni pa wilo la mano lalikulu lakumbuyo, miyendo n'kumazungulira kwambiri njinga ikungoyenda pang'ono. Pamalo athyathyathya umaibwezera pa laling'ono, kupalasa kamodzi n'kukufikitsa patali, koma ntchafu zimamva kulemera.

M'galimoto zimenezi zimachitika pawiri. Koyamba ndi mu giyabokosi, mmene woyendetsa amasankha giya yoyamba, yachiwiri, mpaka yapamwamba. Kachiwiri ndi mu difu, mmene muli mawilo awiri osasinthika, laling'ono lotchedwa pinion ndi lalikulu lotchedwa crown wheel. Pinion ikakhala ndi mano 10, crown wheel n'kukhala ndi mano 41, ndiye kuti shafiti yochokera ku giyabokosi iyenera kuzungulira maulendo 4.1 kuti matayala azungulire kamodzi. Imeneyo amangoti difu ya 4.1. Nambala ikakula, galimoto imakoka mwamphamvu koma injini imazungulira kwambiri. Imeneyo ndiyo difu ya mphamvu. Nambala ikachepa, monga 3.7, ndiyo difu ya liwiro.

Titenge chitsanzo. Tayala lolembedwa kuti 195/65 R15, limene lili pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola limazungulira maulendo pafupifupi 836 pa mphindi. Tinene kuti difu ndi ya 4.1 ndipo giya yachisanu ndi ya 0.8. Kuchulukitsa manambala atatuwa kukutipatsa maulendo pafupifupi 2,740 a injini pa mphindi. Tikachotsa difu imeneyi n'kuikapo ya 3.7, muvi utsikira pa 2,475. Liwiro ndi lomwelo, koma injini yachepetsa kuzungulira ndi magawo 10 pa 100 alionse.

Apa ndi pamene ambiri amasokerera. Amaganiza kuti mafutanso atsika ndi magawo 10 omwewo.

Kumene mafuta amatayikira

Kuti galimoto iyende pa liwiro la 100 iyenera kung'amba mphepo ndi kugubuduza matayala pa tala. Ntchito imeneyi siisintha ngakhale muikemo difu yotani. Injini ikamazungulira maulendo ochepa, kuphulika kulikonse m'masilinda kuyenera kukhala kwamphamvupo kuti ntchito ija ikwanire, ndipo kuphulika kwamphamvu kumadya mafuta ochulukirapo. Choncho pa mbali iyi palibe chimene mwapulumutsa.

Chimene difu ya liwiro imachepetsa ndi mafuta amene injini imadya podziyendetsa yokha. Mapisitoni amakhula m'masilinda, mashafiti amazungulira m'mabering'i, mapampu a oilo ndi a madzi amafuna mphamvu yawo. Zonsezi zimadya kwambiri injini ikamazungulira mofulumira. Kutsitsa muvi ndi maulendo 300 kumachepetsako kukhulanaku.

Pa injini ya petulo pali chinanso, chimene chimadabwitsa ambiri akachimva koyamba. M'paipi yolowera mpweya muli kachitseko kamene kamatseguka mukaponda moto. Injini ya malita 1.5, monga 1NZ-FE imene ili mu Toyota Corolla ndi Sienta zambiri, ikhoza kutulutsa mphamvu pafupifupi makilowati 80. Komatu galimoto yaing'ono yoyenda pa 100 pamsewu wathyathyathya siifuna ngakhale makilowati 20. Ndiye nthawi zambiri kachitseko kaja kamakhala kotseguka pang'ono chabe, mapisitoni n'kumakoka mpweya movutikira kudzera pa kampata kakang'ono. Kukoka kumeneko ndi ntchito, ndipo amailipira ndi mafuta. Giya ikakhala yapamwamba, injini imazungulira pang'ono koma woyendetsa amayenera kupondako moto, kachitseko n'kutsegukako, injini n'kumapuma momasuka. Phazi latsikirako pansi koma mafuta pa kilomita achepa.

Injini ya petulo ikamagwira ntchito pamalo pake pabwino imasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya m'mafuta kukhala ntchito yeniyeni. Kwinako kumatuluka ngati kutentha, kudzera ku ekizosi ndi ku ladiyeta. Malo abwinowo ndi pamene ikuzungulira mwapakatikati koma itasenza ndithu. Ikamazungulira kwambiri isanasenze kanthu, gawo lija limatsika kwambiri. Nzeru yonse ya difu ya liwiro ndi kuikankhira injini kufupi ndi malo ake abwinowo.

Injini za dizilo zachikale zilibe kachitseko kotereka, choncho kwa izo phindu limachokera pa kukhulana kokha. Komabe dizilo, makamaka wokhala ndi turbo, amakoka bwino ngakhale muvi uli pansi, motero amalolera difu ya liwiro kuposa kainjini ka petulo. N'chifukwa chake mathiraki akuluakulu a maulendo ataliatali, monga amene amatuta mafuta ku Beira ndi ku Dar es Salaam, amayenda muvi wawo uli chakumaulendo 1,200 kapena 1,500, ndipo pa dashibodi pawo pali chigawo chobiriwira chosonyeza pamene injini imadya pang'ono. Koma iwowo ali ndi magiya 12 kapena 16 oti asankhepo chitunda chikabwera.

Opanga magalimoto anayamba kale

Nzeruyi si yatsopano. Kale giyabokosi inkakhala ya magiya atatu kapena anayi, ndipo pa giya yapamwamba shafiti yopita ku difu inkazungulira mofanana ndi injini. Mu 1934 kampani ya Chrysler ku America inaika pa magalimoto ake otchedwa Airflow kabokosi kapadera kopangidwa ndi Borg-Warner, kamene kankachititsa shafiti kuzungulira mofulumira kuposa injini. Kameneka ndiko kanatchedwa overdrive. Ku Britain kampani ya Laycock ya ku Sheffield inapanga kake n'kuyamba kukaika pa galimoto ya Standard Vanguard, ndipo pambuyo pake kanafalikira pa Jaguar, Triumph, MG ndi Volvo. Woyendetsa akafika pamsewu waukulu ankangodina kaswitchi, injini n'kukhala chete.

Nthawi imeneyo ambiri ankakakondera bata lake. Zinthu zinasintha mu 1973, pamene maiko a Aluya otulutsa mafuta analeka kugulitsa kwa America ndi anzake ena, mitengo n'kukwera koopsa. Mu Januwale 1974 Pulezidenti wa America Richard Nixon anasainira lamulo loletsa kuthamanga kupitirira mamailosi 55 pa ola, amene ndi pafupifupi makilomita 89, ndipo lamulolo linadzathetsedwa mu 1995. Taonani kuti boma litafuna kupulumutsa mafuta mwamsanga silinauze anthu kuti asinthe madifu. Linawauza kuti achepetse liwiro. Opanga magalimoto nawo anayamba kuika giya yachisanu m'magalimoto wamba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Volkswagen inatulutsa magalimoto otchedwa Formel E, ndipo pa ndodo ya giya ya ena mwa iwo sanalembepo 5 koma E. Galimoto zimenezi zinkafika pa liwiro lake lomaliza pa giya yachinayi; E inali yongoyendera pamsewu waukulu mopulumutsa mafuta.

Kuyambira pamenepo magiya akhala akungochuluka. Lexus LS 460 ya mu 2006 inali ndi otomatiki ya magiya 8, kampani ya ZF inatulutsa ya magiya 9 mu 2013, ndipo Ford F-150 ya mu 2017 inafika pa 10. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan, monga Honda Fit, Nissan Note ndi Toyota Vitz, ali ndi CVT, imene ilibe magiya owerengeka koma lamba wachitsulo woyenda pa mapule osintha kukula, kompyuta n'kumasankha yokha. Cholinga cha zonsezi n'chimodzi: giya yoyamba ikhalebe yamphamvu ponyamuka, yapamwamba ikhale yotsitsa muvi. Tanthauzo lake kwa mwini galimoto ndi lakuti galimoto ikakhala yatsopanoko, mafuta amene akufuna kupulumutsa posintha difu mainjiniya a kufakitale anawapulumutsa kale.

Zimene zimachitika mukasintha

Pa galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo, monga Hilux, Hiace kapena Land Cruiser, difu ili payokha ndipo kuisintha n'kotheka. Pinion ndi crown wheel zimagulidwa limodzi, ndipo zimafuna makaniko wodziwa kuzilumanitsa. Mano akalumana molakwika difu imayamba kulira, kenako n'kudyeka. Ngati galimoto ndi ya 4x4, madifu onse awiri ayenera kukhala a nambala imodzi. Kusintha yakumbuyo yokha ndi kuika matayala akutsogolo ndi akumbuyo pa mkangano umene udzathere pa kuthyoka kwa chitsulo tsiku limene mudzalowetse 4x4.

Pa magalimoto okoka ndi matayala akutsogolo, amene ndi ambiri mwa ang'onoang'ono, difu ili m'kati mwa giyabokosi, ndiye kuisintha n'kumasula bokosi lonse. M'magiyabokosi ena ndi zotheka kusintha giya yachisanu yokha, ndipo eni ma Volkswagen a dizilo ku Ulaya ndi ku America amachita zimenezi. Pa njira zonse iyi ndiyo yanzeru, chifukwa magiya enawo amatsala mmene analili. Difu yatsopano imasintha giya iliyonse, kuphatikizapo yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo. Galimoto imene inkanyamuka bwinobwino pachitunda itadzaza anthu imayamba kufuna kuti muisisite kilatchi, ndipo kilatchi yosisitidwa siikhalitsa.

Njira imene ambiri amathamangira ndi matayala akuluakulu. Kuchoka pa 195/65 R15 kupita pa 205/70 R15 kumakulitsa tayala ndi magawo oposa 5 pa 100, muvi wa injini n'kutsikanso chimodzimodzi. Pamisewu ya maenje galimoto imakwerako m'mwamba, chimene ndi chabwino. Koma tayala lalikulu ndi lolemera, lotambalala, ndipo limafuna mphamvu yambiri kuti ligubuduzike. Galimoto yokwera m'mwamba imagwiranso mphepo yambiri kunsi kwake. Zimene mwapeza pa dzanja ili mwataya pa linalo.

Ndiye pali nkhani ya muvi wa liwiro. Muviwu suona msewu. Umawerenga kuzungulira kwa shafiti kapena kwa mawilo. Mukakulitsa matayala umayamba kusonyeza liwiro lochepa kuposa lenileni. Mukasintha difu pa galimoto imene imawerengera liwiro pa giyabokosi, kuchoka pa 4.1 kupita pa 3.7, muvi uzidzaloza pa 90 inu mukuthamanga 100. Kamera ya apolisi ilibe nazo ntchito zimenezo. Mita ya makilomita nayo imanama chimodzimodzi, kotero munthu akafuna kudziwa ngati wapindula amakhala akuyeza ndi muyeso wopotoka.

Choopsa chachikulu ndi kupitirira malire. Muvi ukatsika kwambiri injini itasenza, galimoto imanjenjemera, injini n'kumagogoda, mabering'i n'kumavutika. Woyendetsa amabweza giya. Tibwerere ku chitsanzo chija: ndi difu ya 3.7, giya yachinayi ya 1.0 pa liwiro la 100 imaika muvi pa 3,090. Ndi difu yakale, giya yachisanu inali pa 2,740 ndipo mwina inkakwera nayo chitunda chomwecho osabweza. Mwalipira ndalama kuti muvi utsike, koma pa chitunda chilichonse ukukwera kuposa kale. Otomatiki nayo imangosinthasintha, kukwera n'kutsika, oilo wake n'kumatentha.

Msewu wake ndi uti?

Nzeru ya difu ya liwiro inabadwira m'maiko a misewu yotambalala, mmene munthu amatha ola lathunthu muvi uli pamodzimodzi. Amene anayendapo pa N1 kuchoka ku Johannesburg kulowera ku Bloemfontein akuudziwa msewu wotere. M1 ya ku Malawi si yotero. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi makilomita oposa 300, koma ndi okwera ndi kutsika mapiri a Dedza ndi Ntcheu, kuima pa malodibuloko, kuchepetsa liwiro pa misika ya Chimbiya, Lizulu ndi Tsangano, kupewa njinga, ngolo ndi mbuzi, kudikira kumbuyo kwa thiraki mpaka mpata upezeke. Nthawi iliyonse imene galimoto yatsika liwiro n'kuyambanso kukoka, giya yapamwamba ilibe ntchito.

Chitunda chimadya mphamvu kuposa mmene chimaonekera. Galimoto yolemera matani 1.5, anthu ndi katundu zili momwemo, ikamakwera pa liwiro la 80 chitunda chokwera mamita 5 pa mamita 100 alionse, imafuna makilowati ena pafupifupi 16 kuwonjezera pa amene imafuna pamalo athyathyathya. Apo ndiye kuti ntchito yawirikiza. Komanso kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu yake pa mamita 100 alionse amene yakwera. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Injini imene kwawo ku Yokohama inali ndi mphamvu yotsalira, pano ilibe. Za zitunda za Chiweta, Khwekhwelere ndi Chikwawa n'zosachita kunena.

Tiwerengenso ndalama. Tingoyerekeza kuti galimoto imamwa malita 7 pa makilomita 100, ndipo pa chaka imayenda makilomita 20,000 pamsewu waukulu. Amenewo ndi malita 1,400. Tiyerekezenso kuti difu yatsopano yapulumutsa magawo 3 pa 100. Pakutha pa chaka mwasunga malita 42, thanki imodzi ya galimoto yaing'ono. Ikani pambali pake mtengo wa difu, oilo, mabering'i ndi malipiro a amakaniko, muone kuti padzapita zaka zingati.

Yerekezani ndi liwiro. Mphepo siikana mofanana ndi mmene liwiro likukwerera, imakana mowirikiza. Kuchoka pa 100 kufika pa 120, mphamvu ya mphepo yokankha galimoto imakwera ndi magawo 44 pa 100. Kuchoka pa 80 kufika pa 120 imachuluka koposa kawiri. Pa liwiro lotere mphepo ndiyo imadya gawo lalikulu la ntchito ya injini, ndipo palibe giya imene ingaichotse. Matumba ndi matiresi omangirira padenga, matayala ophwa, mabuleki ogwira pang'ono, zonsezi zimadya kuposa zimene difu ingabweze.

Pali ena amene amapulumutsa mafuta poika fili pamtsetse. Pa galimoto zamakono za mainjekita, mukachotsa phazi pamoto giya ili m'kati, kompyuta imadula mafuta, matayala n'kumazunguliritsa injini. Pa fili injini imamwabe kuti isazime, ndipo ntchito yonse yogwira galimoto imatsalira mabuleki, amene akatentha amaleka kugwira. Pamtsetse wautali bwezani giya.

Kabatani ka pa ndodo ya giya

Magalimoto ambiri a otomatiki ya magiya anayi ochokera ku Japan ali ndi kabatani m'mbali mwa ndodo ya giya. Mukakadina, pa dashibodi pamayaka mawu akuti O/D OFF (O/D ndiyo overdrive ija). Kuyaka kwake ndiye kuti giya yachinayi yatsekedwa, galimoto izilekezera pa yachitatu. Pa magiyabokosi otere giya yachitatu ndi ya 1.0, yachinayi chakuma 0.7, kotero pa liwiro lomwelo injini imazungulira mochuluka ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Kusiyana kumeneku n'kowirikiza kanayi kumene kumabwera posintha difu ya 4.1 kuika ya 3.7. Kabatanika kali pamene chala chimagunda mosadziwa, ndipo alipo oyendetsa amene amakasiya koyaka dala poganiza kuti kamawonjezera mphamvu. Ntchito yake ndi ya pachitunda, pamtsetse ndi pokoka ngolo basi. Pa otomatiki zatsopanoko ntchito yomweyi ili pa 3, S kapena B. Pamsewu wathyathyathya ndodo ikhale pa D.

Alipo magalimoto amene difu ya liwiro imawayenera: pikapu kapena 4x4 yachikale ya dizilo, imene inapangidwira kukoka katundu ndi kuyenda m'thengo, koma mwini wake amayenda nayo yopanda kanthu maulendo ataliatali pa tala, muvi uli pamwamba tsiku lonse. Ngati difu ya galimoto yotere yatha kale ndipo mukugula ina ndithu, kutsika pang'ono pa nambala n'kwanzeru, bola osadumpha kwambiri. Minibasi, pikapu yosenza matumba a chimanga ndi kagalimoto ka petulo kodzaza banja zisiyeni ndi difu imene zinabwera nayo.

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, dzazani thanki mpaka pakamwa, lembani makilomita, yendani ulendo wanu monga mwa masiku onse, dzazaninso n'kuwerenga malita. Ulendo wotsatira pamsewu womwewo chepetsani liwiro ndi makilomita 10 pa ola, matayala ali opopa bwino, O/D OFF itazima, kenako yerekezani manambala awiriwo musanapite kugalaja.